Manja a Lusiano

Anthu akandifunsa kuno ku Golomoti kuti ndinkagwira ntchito yanji ku Joni, ndimayankha kuti ya mu saluni. Sindiye kuti ndimanama. Ndimangosiya kunena kuti amene ankabwera kudzasamba, kudzapesedwa ndi kudzawengedwa zikhadabo mu saluni imeneyo anali agalu.

Ndinachoka thonje litatigwiritsa mwala zaka ziwiri zotsatizana. Mkazi wanga anandiperekeza mpaka pamsewu, atabereka mwana wathu Tereza, amene anali asanayambe n'kuyenda komwe. Minibasi itaima sanalankhule zambiri. Anangondikonza kolala ya malaya n'kunena kuti ndikafika ndikaimbe.

Joni ndinangodutsamo, ndinakathera ku Kepitawuni. Tinkagona amuna asanu m'kanyumba ka malata, denga tinalitsindira ndi matayala chifukwa mphepo ya kumeneko imasasula nyumba. Ine wobadwira kotentha, kumene munthu amagona pakhonde mpaka mvula itayamba, miyezi yozizira ija ndinkagona nditavala nsapato. Anzanga anali a m'magaladeni ndi omanga nyumba. Atamva ntchito imene ndinapeza anandiseka sabata yonse, kenako anazolowera, moti wina akabwera ndi nyama ankati, "Mupatseni fupa wa agaluyo."

Mwini saluni anali mayi wachizungu wa imvi, wamfupi, wokonda fodya. Tinkangoti adona. Tsiku loyamba anakweza patebulo galu wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, wamaso otuwa, wa mtundu umene amati hasiki. Anagawa ubweya wa pamsana ndi zala zawo kuti ndione.

"Galu uyu ali ndi ubweya wa mitundu iwiri," anatero adona. "Wautali wapamwambawu umamuteteza ku dzuwa ndi mvula. Wofewa wapansiwu umathothoka nyengo ikamasintha, ndipo ntchito yako ndi kuutulutsa ndi chipeso. Wapamwamba usaukhudze. Galu wotere sametedwa, ngakhale mwini wake atakugwadira. Ukamumeta, ubweya umamera mwa apo ndi apo, mwina osabwereranso."

Ntchitoyo ndinaidziwa ndithu. Umayambira kumwendo wakumbuyo, kugawa ubweya mpaka khungu lioneke, kupesa mzere umodzi, kukwera pang'ono, kugawanso. Kuseri kwa makutu ndi m'khwapa ndimo ubweya umamangana mfundo, ndipo mfundozo umazimasula ndi zala galu asanakhudze madzi, chifukwa zikanyowa zimalimba ngati chingwe. Akasamba umamuumitsa ndi makina opemerera mphepo, ndiye ubweya wapansi uja umauluka chipinda chonse. Ndinkadzaza matumba ngati ndili m'munda wa thonje. Ubweyawo unkalowa m'mphuno, m'maso, mu tiyi. Nthawi zina ndinkaulavula ndili m'sitima kubwerera kunyumba.

Nsanje inandiyamba ndi agaluwo. Panali wina amene ankabwera ndi kabuku kake ka kuchipatala, ndi mankhwala ake a mafupa, ndi sopo wake wosayabwa. Tsiku lina mkazi wanga anaimba kuti Tereza wagonekedwa ndi malungo, ine ndili pakati popaka galu ameneyu mafuta onunkhira m'mapazi. Koma galu sungamusungire chakukhosi nthawi yaitali. Amakunyambita dzanja, basi watha.

Chimene chinkandidya kwenikweni chinali tebulo la kutsogolo. Ine malo anga anali kuseri, kubafa, kumene kunalibe windo. Kutsogolo, pafupi ndi galasi loyang'ana kumsewu, kunali tebulo limene adona ankadulirapo agalu ang'onoang'ono a ubweya wopotana, kuwaumba ndi sizasi mpaka mutu uzungulire ngati mpira. Eni agalu ankaima pamenepo n'kumayamikira. Wa kubafa sankamudziwa ndi dzina lomwe. Zaka zinayi ndinkasuzumira tebulo limenelo. Ndinapemphapo kangapo, adona n'kumati, "Agalu akuluakulu palibe amawatha ngati iwe. Ndikakuchotsa kumeneko ndiikako ndani?"

Ndiye kunabwera Lusiano, mlongo wake wamng'ono wa mkazi wanga. Kwawo ndi ku Mua, ndipo anakula akusema ziboliboli ndi bambo ake. Ogula atayamba kusowa, mkazi wanga sanandipatse mpata pafoni mpaka ndinavomera kuti abwere. Ndinakamulandira kudepoti, ndinamugawira bulangete, ndinamupempherera kwa adona kuti azisesa ubweya ndi kuchapa matawulo. Chizungu sankachidziwa. Zonse zinkadzera mwa ine, ndipo ndisabise, zimenezo zinkandikomera.

Sipanathe miyezi itatu. Adona anali pafoni panja, atasiya kagalu koyera patebulo, phazi limodzi atalidula, atatu asanawakhudze. Lusiano anatsamiritsa tsache kukhoma n'kutola sizasi.

"Iwe, usiye zimenezo," ndinatero. "Ufuna utichotsetse ntchito?"

"Ndingofananiza ndi linalo, alamu. Sizikusiyana ndi mtengo."

Adona polowa anapeza mapazi onse anayi ali ofanana ngati otuluka m'chikombole chimodzi. Anakanyamula kagaluko, kukatembenuza uku ndi uku. Kenako anagwira manja a Lusiano n'kuwayang'ana m'kati ndi kunja. Anandiuza kuti ndimufunse kumene anaphunzira. Ndinamasulira funsolo, ndinamasuliranso yankho, ndipo mawa lake tsache linabwerera kwa ine.

Anamugulira epuloni yolembedwa dzina lake pachifuwa, ndi masizasi atatu m'kachikwama ka chikopa. Azimayi achizungu ankaimba foni kufunsa ngati Lusi alipo, akapanda kukhalapo ankasintha tsiku. Agalu olusa amene ine ndinkawamanga pakamwa, kwa iye ankangogona chagada. Iye sanasinthe. Ankaphikabe ndi iye kunyumba, ankanditungirabe madzi osamba. Bambo wina anamupatsa jekete labwino la ubweya m'kati, iye n'kundipatsa ine, akuti linamukulira. Ndinalivala chifukwa kunkazizira, koma tsiku lililonse ndikamalimanga mabatani mtima unkandiwawa.

Kumudzi anatumiza chithunzi ataima pa tebulo lija. Mkazi wanga anaimba akuseka. "Tamuona Lusiano, wanenepa. Nanga inu pachithunzipo muli pati?"

"Ndinali kuseri."

"Mudzajambulitseko nanu, Tereza akuiwalani nkhope."

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Loweruka, nyengo yotentha. Adona anali atapita kukaona mayi awo odwala, saluni anatisiyira awirife. Kunabwera mayi wina wamtali ndi galu wofiirira, wa lilime lakuda, ubweya wake wochuluka moti maso ankachita kubisika. Mtundu umenewu amati chawuchawu. Ndinkamudziwa galuyo, ndinali nditamupesapo kawiri. Mayiyo anayang'ana kaye kwa Lusiano, ataona kuti sakumvana naye anatembenukira kwa ine. Anati galu wake akuvutika ndi kutentha, ubweya wapansi wachuluka, tiutulutse wonse ndi chipeso. Anati pakutha pa mwezi akupita naye ku mpikisano wa agalu, choncho sizasi kapena makina zisamukhudze. Anabwereza katatu. Potuluka anamwetulira Lusiano n'kunena kuti anzake amuuza kuti mnyamata ameneyu ali ndi manja odalitsika.

Galimoto itachoka Lusiano anafunsa, "Akuti chiyani, alamu?"

Ndimakumbukira kuti ndinayamba ndapukuta manja pathawulo, ngakhale anali ouma.

"Akuti galuyu akumva kutentha. Akufuna ubweya uchoke."

"Wonse?"

"Katswiri ndiwe. Akuti akufuna manja ako. Ine ndili ndi awiri kubafa."

Agalu a mtundu umenewu Lusiano anali asanawagwirepo, poti onse ankabwera kwa ine, ndipo lamulo lija losameta galu wa ubweya wa mitundu iwiri ngati ameneyu adona sanaone chifukwa chomuuzira. Ine ndinkadziwa kuti salidziwa. Ndinalowa kuseri, ndinamva makina ometera akulira, ndinayatsa makina anga a mphepo kuti ndisamve. Patapita kanthawi ndinazimitsa n'kupita pakhomo. Anali atangodutsa kamodzi m'nthiti, kamzere kamodzi kokha. Pamenepo zikanatheka kubisa ndi ubweya wa m'mbali. Ndinaima, ndinayang'ana, ndinabwerera kubafa.

Atamaliza anandiitana kuti ndidzaone. Anamusiyira ubweya wa m'khosi ngati mkango ndi kangayaye kumchira, thupi lonse ali mbuu. Ngakhale ntchito yolakwikayo anaigwira mokongola. Galuyo anatsika patebulo n'kukalowa pansi pa mpando, osafuna kutuluka.

Mayi uja atabwera sanakalipe. Anakhala pansi, pasimenti pomwepo pa ubweya wosasesa, anamukoka galu wake n'kumukumbatira, misozi ili chuchuchu. Lusiano ankangondiyang'ana.

"Alamu, chalakwika n'chiyani?"

"Akuti wadula kwambiri."

Lolemba adona anatikhazika pansi tonse awiri. Lusiano anadziloza pachifuwa n'kunena ndi Chizungu chake chochepacho kuti wameta ndi iye. Adona anandifunsa chimene ndinamuuza. Ndinati ndinamuuza zimene mayiyo ananena, koma mwina sanamvetse. Mayi uja anali atanenetsa kuti wometa galu wake akapitiriza kugwira ntchito pamenepo, nkhaniyo aifikitsa patali. Adona anasuta ndudu ziwiri motsatizana, kenako anandiuza kuti ndimuuze Lusiano kuti ntchito yatha. Mawu amenewo ndinawamasulira bwinobwino, osasiyako kanthu. Kachikwama ka masizasi anamuuza kuti atenge.

Anakhala miyezi iwiri osagwira ntchito. Ndinkamudyetsa ine, ndinkamugulira mayunitsi, ndinkamulimbitsa mtima pamaso pa anzathu a m'nyumba muja, iwo n'kumanditama kuti mlamu wotere sapezeka. Ndinene zoona, pa zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko, miyezi iwiri imeneyo ndi imene ndinkagona tulo tabwino.

Tebulo la kutsogolo anandipatsa. Ndinakhalapo masabata atatu. Ndinkadziwa m'mutu mmene galu ayenera kuonekera, koma sizasi inkapita kwina. Ndikafuna kufananiza mwendo uwu ndi uwo, ndinkadula uku, kudula uko, mpaka yonse iwiri kutsala ngati timitengo. Adona sanandinyoze. Anangoti agalu akuluakulu akundisowa kuseri, ndipo kutsogolo analembako mtsikana wa komweko.

Nthawi imeneyo n'kuti Lusiano atayamba kutuluka m'mawa ndi chikwama kumsana. Ankayenda m'nyumba za azungu, kuwadulira agalu pakhonde. Foni yake inayamba kulira kuposa ya wina aliyense m'nyumba muja. Chizungu anachitola m'makhonde momwemo. Chaka chisanathe anasamuka, anapeza chipinda chakechake cha njerwa. Kenako anagula kagalimoto kakale n'kuikamo bafa ndi tebulo. Anabwera nako Lamlungu lina kudzationetsa, anzathu onse anakwera n'kuzungulira nako. Ine ndinati mutu ukundipweteka.

Asanachoke anandipeza kuseri kwa nyumba. "Alamu, tiyeni tizigwira limodzi. Agalu a ubweya wambiri aja ine sindiwatha ngati inu. Ndimachita kuwakana."

"Ndiye ndizikusambitsira agalu iweyo?"

"Si choncho. Tizigawana."

"Ine ndili pantchito kale."

Anabweranso kawiri ndi nkhani yomweyo. Kachitatu sindinamutulukire.

Chimene chinandibweza kumudzi ndi chifuwa. Chinayamba ngati chimfine, kenako ndinkati ndikayatsa makina a mphepo, mpweya unkandithera mpaka kugwira khoma. Kuchipatala anandiuza kuti mapapo anga atopa ndi ubweya ndi fumbi, ndikapitiriza ndidzabwerera kwathu m'bokosi. Adona anandikumbatira tsiku lotsazikana. Ndinadabwa kuona kuti akulira. Anzanga a m'nyumba anandiperekeza kudepoti atasenza katundu wanga, mmodzi wa iwo akuuwa ngati galu kuti ndiseke.

Nditatsika pa Golomoti palibe wa kabaza amene anandizindikira. Nyumba ndinaipeza ya malata, malata amene ndinatumiza ine, ndipo pamenepo ndinapumirako. Tereza anali mtsikana wamkulu wa ku sekondale. Anabwera kudzandipatsa moni atagwada patali, mwaulemu wonse, ngati mmene amalandirira mlendo wa kutchalitchi. Mkazi wanga anali atasanduka mlimi wa mpunga ku Bwanje, wodziwa mitengo, wokangana ndi mavenda osagwetsa nkhope. Munda umenewo anamupezera ndi Lusiano. Njinga imene Tereza ankapitira kusukulu inali ya amalume. Foni ya m'nyumba inali ya amalume. Ndikadandaula mkazi wanga ankati, "Nanga si mwana wa mlongo wake? Mukufuna azithandiza ndani?" Ndipo ankanena zoona, kwathu kuno mwana ndi wa amalume ake. Koma tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, Tereza anandidutsa pakhonde akuthamanga, kukatenga foni kuti auze amalume ake. Ine ndinamva kuti wakhoza kudzera pawindo.

Lusiano anabwera chaka chomanga chiliza cha bambo ake ku Mua. Mwambo utatha anadzera kwathu. Anali atayamba kadazi, ndipo pamkono anali ndi chipsera cha mano a galu. Anandibweretsera mankhwala opopera m'kamwa a chifuwa. Azimayi ali kukhitchini, awirife tinatengera mipando pansi pa mtengo wa nimu. Tinakamba za anzathu a m'nyumba muja, amene anabwerera, amene anamwalira. Anandiuza kuti adona anagulitsa saluni. Kenako nkhani zinatha, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakulankhula.

"Galu wofiirira uja, mayi uja sananene kuti umumete. Ananena kuti asakhudzidwe ndi makina. Ndinamva bwinobwino."

Lusiano anatola kanthambi pansi n'kuyamba kukasenda ndi chikhadabo.

"Ndikudziwa, alamu."

"Unadziwa liti?"

"Patatha mwezi. Ndinafufuza nyumba yawo, ndinapita kukapepesa. Chizungu changa chinali cha manja, koma tinamvana. Anandionetsa zala zitatu, akuti mnzako uja ndinamuuza katatu."

Anandifotokozera kuti anawapempha mayiwo kuti amulole azibwera kudzasamalira galuyo kwaulere. Poyamba anamuthamangitsa, ulendo wachiwiri anamutsegulira geti. Chaka chonse ndi miyezi ankapita sabata iliyonse, kumupaka mafuta, kumupesa pang'onopang'ono, kumuveka kamalaya kuti dzuwa lisamuwotche. Ubweya unabwerera, koma m'nthiti munatsala zigamba, ndipo ku mpikisano sanapitenso. Mayi omwewo ndi amene anayamba kupereka nambala yake kwa anzawo.

"Nanga bwanji sunanene?" ndinafunsa.

"Kwa ndani? Ndikanauza adona akanakuchotsani, tonse awiri tikanakhala pansi. Kuno akanadya chiyani? Ndikanauza achemwali, banja likanatha."

"Sunakwiye?"

"Ndinakwiya kwambiri. Mwezi wachiwiri uja chakudya chanu chinkandikakamira pakhosi. Tsiku lina ndinanyamula makina anu ometera tsitsi amene munkasunga kunyumba kuti ndikawataye m'ngalande, ndinafika nawo mpaka pamlatho." Anaseka pang'ono. "Ndinabwera nawo. Kenako ntchito inachuluka, ndipo sindikudziwa kuti zinatha liti. Ndinangozindikira kuti ndikakuganizirani ndikukumbukira bulangete lija munandigawira."

Ndinafuna kuti andinyoze, kapena andifunse chifukwa chake, kuti mwina ndinene zonse zimene zinali mumtima. Sanafunse. Anangoti nkhaniyi ithere pansi pa mtengo pomwepo, achemwali ake asaimve, chifukwa palibe chimene ingakonze. Atatero anaitana Tereza kuti amuperekeze kumsika akagule malambe opita nawo kwa anzathu ku Kepitawuni.

Anachoka dzuwa likadali pamutu. Tereza atabwera kuchokera kumsika sanalowe m'nyumba monga ankachitira. Anakhala pampando umene anakhalapo amalume ake, n'kumandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Ababa, amalume akuti ntchito imene akugwirayi munawapezera ndinu. Akuti mukanapanda inu bwenzi akusemabe mitengo ku Mua. Akutinso agalu aakulu ovuta aja, mu mzinda monse muja munalibe wokuposani. Zoona?"

"Anatero?"

"Eya. Bwanji simunatiuzepo?"

Ndinamuuza kuti ndi zoona. Anandifunsa mmene galu wotero amapesedwera, ndipo ndinamuonetsa ndi zala pamwendo panga, kugawa, kupesa, kukwera pang'ono. Anaseka, anafunsanso zina. Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga amakhala nane pansi n'kumacheza.

Pa zonse zimene Lusiano akanatha kumuuza mwana wanga panjira ya kumsika, anasankha zimenezo. Ndimayamika, ndipo manyazi ndili nawo. Koma ndikakhala ndekha n'kudzifunsa moona, ndimapeza kuti chinthu chija sichinachoke. Ndikanakhala ine wolakwiridwa, sindikanatha kuchita zimene anachita iyezo, ndipo ngakhale zimenezo ndimamuchitira nazo nsanje.